Mukufuna kusiya mowa? Musalimbane nawo nokha

Pa ntchito yanga yoyendera makomo ndimamva mawu awa kawirikawiri: "Alangizi, ndayesetsa kusiya mowa koma zikukanika." Munthu amalumbira pamaso pa ana ake kuti sadzalawanso kachasu. Amapirira sabata imodzi kapena ziwiri, koma akangolandira ndalama za ganyu, anzake akale amakhala atamudikirira kale panjira. Uku sikupusa ayi. Uchidakwa ndi matenda, ndipo ndi ovuta kuwagonjetsa pawekha. N'chifukwa chake pali magulu a anthu othandizana kusiya mowa.

Kodi gulu lothandizana n'chiyani?

Ndi anthu amene onse anavutikapo ndi mowa. Amakumana, kawirikawiri kamodzi pa sabata, kuti auzane mmene akupiririra ndi kulimbikitsana. Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse ndi la Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene Bill Wilson ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith, onse awiri zidakwa, anaona kuti kukambirana vuto lawo kumawathandiza kukhala osamwa.

Ku AA kulibe ndalama yolembetsera. Chofunika ndi mtima wofuna kusiya basi. Anthu amatchulana dzina loyamba lokha, ndipo salonjeza kuti sadzamwanso moyo wawo wonse. Amangotsimikiza kuti lero lokha samwa. Mawa kukacha amatsimikizanso chimodzimodzi.

Yambani mwapita kuchipatala

Ngati mumamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musasiye mwadzidzidzi muli kunyumba. Thupi lozolowera mowa limatha kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza patangopita maola 6 mpaka 24. Ena amagwa ngati a khunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amaona zinthu zomwe palibe. Ambiri kumudzi amati ndi ufiti, koma ndi thupi lomwe likusowa mowa, ndipo munthu angathe kufa nazo. Kuchipatala kuli mankhwala oletsa zimenezi. Gulu silitenga malo a dokotala.

Mungalipeze kuti gulu?

1. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino wa pachipatala chaching'ono. Ngati sakudziwa gulu lililonse, apempheni akutumizeni kwa oona za matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha m'boma lanu.

2. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi ntchito yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chipatala cha Zomba Mental nachonso chimalandira anthu a vutoli. Musachite manyazi ndi dzina la chipatalacho.

3. Funsani abusa, ansembe kapena ashehe. Magulu ambiri amabwereka chipinda cha tchalitchi, koma sizitanthauza kuti ndi a mpingowo.

4. Ngati muli m'gulu la anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, monga magulu a NAPHAM, funsani anzanu komweko. Mwina simuli nokha pa vutoli.

5. Amene muli ndi foni ya intaneti, a AA amachititsanso misonkhano ya pa Zoom. Yambiri imakhala ya m'Chingerezi.

Tsiku loyamba

Palibe amene angakukakamizeni kulankhula. Mukhoza kungokhala n'kumamvetsera. Aliyense amanena za moyo wake, osati kuweruza mnzake. Musanachoke, pezani munthu mmodzi amene watha nthawi yaitali osamwa, woti muzimuimbira chibaba chikakugwirani usiku. Mukapunthwa n'kumwanso, bwererani kugulu sabata yomweyo. Anthu a kumeneko anapunthwapo nawonso.

Gulu labwino limasunga chinsinsi, siligulitsa mankhwala "osiyitsa mowa", ndipo silikuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala. Kwa amene muli pa ma ARV mfundo imeneyi ndi yaikulu. Mowa umaiwalitsa nthawi yomwera mankhwala, umawononga chiwindi, komanso munthu akaledzera saganiza za kondomu. Koma ngakhale tsiku limene mwamwa mowa, musadumphitse ma ARV anu. Auzeni adokotala zoona za kamwedwe kanu.

Nanga ngati kwanuko kulibe gulu?

Kumbukirani kuti AA inayamba ndi anthu awiri. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri ofuna kusiya. Sankhani malo akutali ndi bala, monga kalasi ya pasukulu ana akaweruka. Ikani msonkhano pa nthawi imene chiyeso chimakula, monga tsiku la msika kapena Loweruka masana. Adziwitseni amfumu ndi alangizi a zaumoyo, koma mayina a anthu akhale a inu nokha.

Inu amayi, abambo ndi ana a munthu wovutika ndi mowa, kumunyoza pagulu sikuthandiza. Muuzeni kumene anzake amakumana, ndipo ngati wavomera, muperekezeni tsiku loyamba. Paja mutu umodzi susenza denga.