Kumva ndi Kumvetsera: Khutu pa Phunziro la Ndakatulo

Ambiri mwa inu pokonzekera mayeso a MSCE mumawerenga ndakatulo ndi maso okha. Mumaloweza dzina la mlakatuli, mumapeza mfundo zikuluzikulu, n'kutseka buku. Likabwera funso loti mufotokoze ntchito ya mvekero kapena chibwereza mu ndime ina yake, mumangotchula chipangizocho osanena chimene chikuchita. Malikisi amatayikira pamenepo. Ndakatulo, nthano ndi nyimbo zamakolo zidapangidwira khutu, choncho tiyambe taliphunzitsa khutulo ntchito.

Taonani mneni "kumva". M'Chichewa timamva mawu, timamva fungo, timamva njala, timamvanso kuwawa. Mwana wamwano timati ndi wosamva ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Pa tsinde lomweli pachokanso kumvera, kumvetsa ndi kumvetsera. Kumva kumangochitika kokha popeza khutu lilibe chitseko. Kumvetsera n'kochita kufuna: munthu amasankha mawu ena pakati pa ambiri n'kuwatsata. Luso lonse la mawu omveka lagona pa kusiyana kumeneku.

Tiyerekeze kuti mwaima pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi mbandakucha, mutatsinzina. Pansi pali mtsinje wa Shire womwe sulekeza kulira, koma pakapita kanthawi mumauiwala. Kenaka mumva kuitanira mapemphero kumzikiti, mabelu a njinga za kabaza, injini ya boti, mwinanso nkhwazi. Katswiri wa nyimbo wa ku Canada, R. Murray Schafer, m'buku lake la 1977 adagawa mawu a pamalo m'magulu atatu: mawu apansipansi osalekeza monga a madziwo, mawu okuchenjezani monga belu, ndi mawu odziwitsa malo, oti mukawamva muli kutali mumakumbuka kwanu. Ndakatulo nayonso ili ndi magulu omwewa. Pali kayendedwe ka mizere komwe simukaona msanga, pali liwu lokudzidzimutsani, palinso mawu onunkhira dera limene mlakatuli akunena.

Kodi phokoso wamba lingakhale luso? Pa 29 Ogasiti 1952 ku Woodstock, m'chigawo cha New York, woimba piyano David Tudor adakhala pa piyano kwa mphindi 4 ndi masekondi 33 osaimba kanthu. Imeneyo idali nyimbo ya John Cage yotchedwa 4'33". Anthu adangomva mphepo m'mitengo, mvula padenga ndi kung'ung'udza kwawo komwe, ndipo ena adatuluka atakwiya. Cage ankafuna kuonetsa kuti bata lenileni kulibe, ndi kuti womvetsera ndiye amamaliza nyimbo. Msodzi wa ku Makawa kapena ku Malembo sangadabwe nazo kwambiri, pakuti iye amatchera khutu ku mphepo ndi mafunde kuti adziwe ngati mwera wayamba. Kusiyana kwake n'kwakuti msodzi amamvetsera kuti apulumuke, pomwe Cage ankati timvetsere mawuwo chifukwa cha kukoma kwawo kokha. Ine ndimaona kuti wophunzira ndakatulo amafunika makutu onse awiri, la msodzi lofufuza tanthauzo ndi la Cage losangalala ndi kamvekedwe.

Chitsanzo chozama kwambiri cha ku Mangochi ndi sikiri. Dzinali lidachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukumbukira Mulungu, ndipo mwambowu umachitidwa ndi Asilamu a gulu la Qadiriyya, makamaka pakati pa Ayao, pa maliro, pa sadaka ndi pa ziyala. Pa sikiri chida chachikulu ndi mpweya. Amuna amaima pamodzi n'kumapuma mwamphamvu, mokokera ndi motulutsa, onse nthawi imodzi, matupi akuweramira kutsogolo ndi kudzuka, pamene mtsogoleri akuimba pamwamba pa kupumako. Mpweya umene tsiku lililonse sitiumva n'komwe umasanduka ng'oma. Mawu obwerezedwa nthawi yaitali amayamba kutha m'mbali mpaka kutsala kugunda kokha, ndipo munthu mmodzi sadzimvanso yekha koma gulu lonse. Mukafunsidwa ntchito ya chibwereza, kumbukirani zimenezi: kubwereza kumatsindika mfundo, inde, koma kumamanganso anthu pamodzi ndi kusintha momwe akumvera nthawi. (Samalani polemba. Kwa ochita ake, sikiri ndi pemphero, si gule wachisangalalo.)

Si Asilamu onse adagwirizana nawo mwambowu. Atsamunda asanachoke m'dziko muno kudabuka gulu lina lotchedwa Asukuti, dzina lochokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete, lomwe linkaphunzitsa kuti maliro aziperekezedwa mwakachetechete. Mbali zonse ziwiri zinkafuna kulemekeza womwalira ndi Mulungu. Zidasiyana pa funso loti ulemuwo umamveka bwanji, ndi mawu kapena ndi bata. Apa mukuona kuti kukhala chete nakonso kumayankhula. Mlakatuli akadula mzere pakati kapena akasiya mpata pakati pa ndime, akugwiritsa ntchito bata lomwelo.

Gule wa beni akutiphunzitsa za kutsanzira. Dzina lake lidachokera ku liwu lachingerezi la bandi ya asilikali. Adayambira m'matauni a Aswahili monga Mombasa ndi Lamu m'zaka za m'ma 1890, ndipo adafala kuno nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Ovina adamva kulira kwa bandi ya perete n'kukuumba mwatsopano ndi ng'oma, wezulo ndi mapazi. Sadakopere ndendende, adatengapo zimene khutu lawo lidasankha.

Mvekero umagwira ntchito chimodzimodzi. Mwala ukagwera m'madzi timati chubwi, koma mwalawo sunena "chubwi". Ndi pakamwa pathu pamene paumba phokosolo kuti likwane m'chiyankhulo. Chichewa chimapitirira apo n'kupatsa liwu zinthu zopanda phokoso: psuu pa kufiira, bii pa kuda, mbuu pa kutuwa, ngakhale zii pa bata lenilenilo. Kukwera ndi kutsika kwa mawu nakonso kumasintha tanthauzo. "Mtengo" wa mthunzi ndi "mtengo" wa chambo pamsika amalembedwa mofanana, koma khutu limawasiyanitsa.

Yesani izi musanalowe m'chipinda cha mayeso. Tengani ndakatulo imodzi mwa zimene mukuphunzira, mnzanu akulakatulireni kawiri inu mutatsinzina. Lembani mawu atatu amene akukanirirani m'khutu, ndi malo amodzi pamene wolakatulayo wapumira. Pa chilichonse yankhani mafunso awiri: ndamva chiyani, nanga chandichititsa chiyani? Yankho la funso lachiwirilo ndi limene woyesa mayeso amafuna akati "fotokozani ntchito yake".