Mmene akatswiri a Linux amayesera mitengo ya m'kati mwa kompyuta

Mu Julayi 2023 kunalengezedwa za vuto lina mu Linux lomwe likanapatsa munthu wamba mwayi wolanda ulamuliro wonse wa kompyuta. Vutoli, lomwe linatchedwa StackRot, analitulukira ndi a Ruihan Li a pa Peking University m'dziko la China, ndipo linakhudza Linux 6.1 mpaka 6.4. Gwero lake linali pa kagwiritsidwe ntchito ka chinthu chomwe akatswiri amachitcha mtengo.

Mtengowu umapezeka mu kernel, lomwe ndi phata la mapulogalamu oyendetsa kompyuta. Kernel ndiyo imagawa malo mu memory komanso kusankha ntchito yoyamba kugwiridwa. Ya Linux, yomwe a Linus Torvalds anayiyamba mu 1991, ndi yomwe ili m'mafoni a Android komanso m'makompyuta ambiri osunga mawebusaiti.

Mtengo ndi njira yosanjira zinthu kuti zizipezeka msanga, monga momwe kalaliki wa ku registry amasanjira mafayilo. Mphanda iliyonse imakhala ndi nambala yake, ndipo manambala ocheperapo amapita kumanzere pomwe okulirapo amapita kumanja. Koma manambala akamabwera motsatana, mtengo umapendekera mbali imodzi mpaka kusanduka mzere, moti pa zinthu 1 miliyoni kompyuta ikhoza kudutsa pa zonsezo isanapeze chomwe ikufuna.

Pofuna kupewa izi, Linux imagwiritsa ntchito mtengo wotchedwa red-black. Maganizo ake anachokera kwa a Rudolf Bayer mu 1972, ndipo dzinali analipereka ndi a Leonidas Guibas ndi a Robert Sedgewick mu 1978. Mphanda iliyonse imakhala yofiira kapena yakuda. Ya kumuzu imakhala yakuda, ziwiri zofiira siziloledwa kutsatana, ndipo njira iliyonse yochokera kumuzu kufika kunsonga iyenera kudutsa mphanda zakuda zochuluka mofanana. Malamulowa akasungidwa, njira yaitali kwambiri siposa kawiri yaifupi kwambiri, choncho pa zinthu 1 miliyoni kompyuta sidutsa mphanda zoposa 40.

Chovuta ndi chakuti mtengo woswa malamulo sudziulula. Umapitiriza kupereka mayankho olondola kwa nthawi, mwina n'kungochedwa pang'ono, kufikira tsiku lomwe kernel idzatsate mphanda yosokonekera n'kuimitsa makina onse. Pamenepo chomwe chinalakwika chimakhala chitachitika kalekale. Povuta kwambiri ndi pochotsa mphanda yakuda, chifukwa mtengo umayenera kutembenuzidwa ndi kusinthidwa mitundu m'njira zingapo, zina mwa izo zosachitika kawirikawiri.

N'chifukwa chake mu 2012, pomwe a Michel Lespinasse a ku Google ankakonzanso mtengowu, analembanso pulogalamu yowuyesera yotchedwa rbtree_test, yomwe inalowa mu Linux 3.7. Pulogalamuyi imalowetsa mphanda 100 za manambala osakanikirana, kenako n'kuzichotsa imodziimodzi. Pa sitepe iliyonse imayendera mtengo wonse kuona ngati manambala ali m'ndondomeko, ngati palibe zofiira ziwiri zotsatana, ngati mphanda zakuda zikufanana m'njira zonse, ndiponso ngati chiwerengero cha mphanda chikugwirizana ndi chomwe chikuyembekezeka. Imabwereza zonsezi ndi manambala ena maulendo ambirimbiri. Imawerenganso nthawi yomwe ntchitoyi yatenga, poti kusintha komwe kuli kolondola koma kukuchedwetsa makina nakonso sikulandiridwa mosavuta.

Manambala osakanikiranawo sangobwera mwachisawawa. Amayambira pa nambala imodzi yoikika, yomwe ndi manambala oyambirira a pi, kuti vuto likaoneka munthu wina athe kuliwonanso pa kompyuta yake. Imeneyi ndi nzeru yaing'ono koma yofunika, chifukwa vuto lomwe silingabwerezedwe n'lovuta kulikonza. Chinanso chodabwitsa n'chakuti pulogalamuyi ikamaliza imanena dala kuti yalephera kulowa mu kernel, n'cholinga choti ichotsedwe yokha.

Kwa zaka zoposa 20, kuyambira mu 2001, mtengo wa red-black ndi womwe unkasunga ndondomeko ya malo a pulogalamu iliyonse mu memory. Mu Disembala 2022, Linux 6.1 inapereka ntchitoyi kwa mtengo watsopano wotchedwa maple, womwe anapanga ndi a Liam Howlett ndi a Matthew Wilcox a ku Oracle. Mphanda zake zimasunga zinthu zingapo pamodzi, ndipo owerenga akhoza kuuyendera popanda kudikirana. Mtengo wa red-black udakagwirabe ntchito zina zambiri, monga kusanja ntchito zodikira purosesa.

Mtengo wa maple unabwera ndi mayeso ake ochuluka, ena ochitikira kunja kwa kernel komwe kulakwitsa sikuimitsa makina. Komabe StackRot inadutsa. Kasanjidwe ka mtengo kanali kolondola. Cholakwika chinali chakuti pokulitsa gawo la memory lotchedwa stack, kernel inkasintha mtengowo itangotenga loko wa wowerenga osati wa wolemba. Kusinthako kunkachititsa kuti mphanda yakale itayidwe pomwe ntchito ina ikadali kuiwerenga, ndipo wachiwembu akanatha kuikamo zake pamalo otayidwawo.

Apa ndi pomwe pali malire a mayeso owerenga mphanda. Amatsimikiza kuti mtengo ndi wowongoka ukamagwiridwa ndi mmodzi, koma sanena kanthu za zomwe zingachitike awiri akaufikira nthawi imodzi. Mavuto otere amasakidwa ndi zida zina, monga syzkaller yomwe imatumizira kernel malamulo osokonekera mosalekeza, ndi KASAN yomwe imachenjeza kernel ikakhudza memory yomwe inatayidwa kale.

A Torvalds anatsogolera okha ntchito yokonza vutoli, yomwe inatenga pafupifupi masabata awiri, ndipo anasintha kuti stack izikulitsidwa pokhapokha loko wa wolemba atatengedwa. Kukonzaku kunalowa kumapeto kwa Juni 2023, nkhaniyi isanalengezedwe poyera, ndipo kunaikidwanso mu Linux 6.1.37, 6.3.11 ndi 6.4.1. Woyang'anira makompyuta a muofesi akhoza kudziwa kernel yomwe ali nayo polemba lamulo la uname -r.