LAMBA WA MIKANDA PA DERESI LA MKWATIBWI

Amayi anzanga, masiku ano akwatibwi ambiri a m'boma lathu la Ntcheu amavala deresi loyera lobwereka kapena logula kutauni, ndipo deresi lomwelo mwina lavalidwa kale ndi atsikana khumi. Palibe cholakwa pamenepo, pakuti ndalama ya ukwati imathera pa zambiri. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene mayi, azakhali kapena agogo angathe kupanga ndi manja awo kuti deresilo likhale la mwana wawo yekha, ndicho lamba woluka ndi mikanda, wosokerera m'chiuno kapena m'mphepete mwa khosi.

Ntchito ya mikanda si yachilendo kuno. Angoni a kwa Maseko, amene anakhazikika pa phiri la Domwe ku Angonia cha m'ma 1870 asanafalikire ku Ntcheu ndi ku Dedza, anabwera ndi luso limeneli kuchokera kummwera, kumene abale awo Aswazi ndi Azulu amalukabe mpaka lero. Mikanda yagalasi yeniyeniyo inkachokera kutali, ku Venice ndi ku Bohemia, nkufika kuno ndi amalonda a kugombe la nyanja ya mchere. Amene wapitako ku Umhlangano wa Angoni a Inkosi Gomani ku Nkolimbo anaona yekha mmene amayi amavalira mikanda pamutu, m'khosi ndi pachifuwa. Gule wa msindo nayenso ngwa amayi pa ukwati. Tsono mkwatibwi wovala mikanda sakuyambitsa zatsopano ayi.

Zida zake nzochepa. Pezani thabwa losalala lotalikirapo kuposa lamba amene mukufuna, misomali ing'onoing'ono, ulusi wa nayiloni, singano yopyapyala kwambiri, phula la njuchi ndi tsamba la kope la masamu lija la timabokosi. Khomani misomali mothinana kumapeto onse awiri a thabwa, ndipo kungani ulusi kuchokera uku kufika uko. Lamulo lake ndi ili: ulusi wokungawo uzipambana mikanda ya mzere umodzi ndi umodzi. Ngati mzere uli ndi mikanda 15, ulusi ukhale 16, kuti mkanda uliwonse ukhale ndi mpata wakewake.

Musanatunge mkanda ngakhale umodzi, jambulani maluko anu pa pepala la timabokosi lija, kabokosi kamodzi kuimira mkanda umodzi. Sankhani nambala yosagawika pawiri, monga 13 kapena 15, kuti pakhale mkanda wapakati pamene nsonga ya makona atatu kapena ya dayamondi ikathere. Ndi mikanda 14 nsongayo imatuluka yobuntha. Kwa ine, pa deresi loyera mitundu iwiri kapena itatu ndi yokwana, yoyera ikhale yochuluka, ina ingodutsamo. Mitundu isanu ndi umodzi ndi yabwino pa bwalo la ngoma, koma m'tchalitchi imaphimba nkhope ya mkwatibwi.

Kaluke kake nkotere. Tungani mikanda ya mzere woyamba monga mwa pepala, idutsitseni pansi pa ulusi wokunga, ndipo ikankhireni mmwamba ndi chala kuti uliwonse utulukire mu mpata wake. Kenaka bwezani singano m'mabowo a mikanda yomweyo, koma tsopano idutse pamwamba pa ulusi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Singano ikalowa pansi pa ulusi umodzi wokha, mkandawo umalendewera, ndipo simudzauona mpaka mutachotsa lamba pa thabwa. Choncho yendetsani chala pa mzere uliwonse musanayambe wina. Musakoke ulusi mwaukali, chifukwa lamba wothina kwambiri amapindika ngati chikwanje.

Ntchitoyi imafuna masiku. Ndi mikanda ing'onoing'ono, mizere inayi imadzaza pafupifupi sentimita imodzi. Lamba wa masentimita 80 afuna mizere 320, ndipo pa mikanda 15 mzere uliwonse ndiye kuti mikanda 4,800. Amene ali ndi munda wa mbatata ndi ana oti awaphikire asayembekeze kumaliza m'sabata ya ukwati. Yambani chinkhoswe chikangotha, ndipo lukani masana pakhonde, pakuti kuwala kwa nyali kumasokoneza mitundu ndi kutopetsa maso.

Chenjeraninso pogula. Mikanda ina ndi yongopaka utoto pamwamba, ndipo thukuta la mkwatibwi likaikhudza imasiya banga pa nsalu yoyera, tsono ngati deresi ndi lobwereka mlandu wake ugwera banja. Iviikeni pang'ono m'madzi ofunda a sopo usiku wonse, mmawa muipukute ndi kansalu koyera. Gulani yonse nthawi imodzi, pakuti yofiira ya lero siifanana ndi yofiira ya mwezi wamawa, ndipo patulani yonenepa ndi yopyapyala mopitirira.

Mukamaliza, dulani ulusi mosiya utali wokwanira, muumange uwiriuwiri ndi kuupindira kumbuyo, kenaka sokererani lambayo pa kansalu koyera kolimba. Uzani atelala kuti angomugwiriza pa deresi ndi misoko yotalikirana, kuti ukwati ukatha aphwasulidwe mosavuta deresi lisanachapidwe kapena kubwezedwa kwa mwini wake.