Gogomole, mmisiri amene nyumba yake ikuthera pamoto

Mukatchula mbalame za ku nyanja ya Chilwa, ambiri amaganiza za akakowa ndi abakha a m'madzi. Koma kumtunda kwa doko la Kachulu, m'mitengo yomwe yatsala m'minda ndi kumanda, mukatchera khutu m'mawa mutha kumva kuti go! go! go! Ameneyo ndi gogomole, ali pantchito.

Mtundu umene umaoneka kwambiri kuno kwathu ndi womwe pa Chingerezi amati Cardinal Woodpecker. Ndi kambalame kotalika masentimita 15 basi, ka mizeremizere pachifuwa. Kakamuna mumakadziwa ndi kufiira kwa pamutu, pomwe kakakazi pamutu ndi pakuda.

Nanga kamagogoderanji? Kamakhala kakusaka mphutsi zobisala mkati mwa mtengo. Kakaboola, kamazitulutsa ndi lilime lake lalitali lomata. Zala zake ziwiri zinaloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo, ndipo nthenga zolimba za kumchira zimakhala ngati mzati wotsamirapo. N'chifukwa chake kamatha kuima chilili pathunthu osaterereka.

Nthawi yoswana, kakamuna ndi kakakazi timathandizana kusema mphako pa nthambi youma. Mazira amakhala oyera, kawirikawiri awiri, ndipo amafungatiridwa mosinthana kwa masiku pafupifupi 12. Banjali likasamuka, mphakoyo imasanduka nyumba ya mbalame zina zosatha kusema.

Vuto lagona apa: nthambi youma yomwe gogomole amafuna ndi yomweyo imene munthu wotola nkhuni amayamba kuiona. Ku Chilwa nkhuni sizichedwa kupeza msika, chifukwa zimafunika kuphikira, kuotchera njerwa ndi kuwambira milamba. Palibe angadzudzule mayi wofuna kuphikira ana ake, koma mtengo wouma uliwonse ukagwa, gogomole amasowa podyera ndi poswera.

Wachibale wake, Stierling's Woodpecker, amapezeka m'nkhalango za miombo ku Malawi, kumpoto kwa Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania. Kuno kwathu anthu amakamuonera ku Dzalanyama, ndipo bungwe la IUCN linamuika kale m'gulu la mbalame zomwe zayandikira chiopsezo.

Ndiye ngati pamunda pa agogo pali mtengo wouma womwe uli ndi kabowo kozungulira, ndipo suopseza nyumba, ausiye kaye. Legeni nayonso ikhale m'thumba. Tulutsani foni, jambulani kaphokosoko, mukamvetsere anzanu a m'tauni amene sanakamvepo.