Kuyeza maso a ana: chifukwa chake tisamadikire kuti mwana adandaule yekha

Mwana wa Sitandade 1 amene sakuona bwino pabolodi sabwera kunyumba n'kunena kuti maso ake ali ndi vuto. Iye amaganiza kuti anzake onse amaona monga momwe iye akuonera. Chimene makolo amamva ndi chakuti mwanayo sakopera bwino, amasokoneza manambala, kapena amangoyang'ana m'kope la mnzake. Pamapeto a chaka amabwereza kalasi, ndipo dzina loti "mbuli" limamukakamira. Ana ena amasiya sukulu chifukwa cha vuto loti magalasi akanalithetsa.

Diso limagwira ntchito polandira kuwala ndi kukusonkhanitsa pa kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwake, kamene kamatumiza chithunzi ku ubongo. Diso likakhala lalitali pang'ono kuposa muyezo, kuwalako kumakumana kusanafike pa kansaluko, ndipo mwana amaona bwino zapafupi koma zakutali zimachita mbuu. Likakhala lalifupi, mwana amavutika kwambiri ndi zapafupi: amatopa msanga powerenga ndipo mutu umamupweteka. Ena galasi la kutsogolo kwa diso lawo ndi lopindika mosafanana, choncho zilembo zimaoneka zokokeka, zapafupi ndi zakutali zomwe. Mavuto atatuwa si matenda opatsirana, sabwera chifukwa cholodzedwa, ndipo onse amakonzeka ndi magalasi oyezedwa bwino.

Nkhani ya msinkhu ndiyo yofunika kuimvetsa. Mwana sabadwa akudziwa kale kuona. Ubongo wake umaphunzira pang'onopang'ono kuchokera pa zithunzi zimene maso akutumiza, ndipo kuphunziraku kumachitika makamaka asanakwanitse zaka 7 kapena 8. Ngati diso limodzi likutumiza chithunzi chosaoneka bwino, kapena likuyang'ana kumbali, ubongo umayamba kulinyalanyaza n'kumadalira linzake. Diso lonyalanyazidwalo limafooka ngakhale kuti kunja likuoneka labwinobwino. Vutoli likadziwika mwana adakali wamng'ono, achipatala amamupatsa magalasi, ndipo nthawi zina amalangiza kuti diso lamphamvulo liziphimbidwa kwa maola angapo patsiku kuti lofookalo lizolowere ntchito. Likadziwika mwana atakula, thandizo lomwelo siligwiranso ntchito mokwanira. Kholo limene likunena kuti "adzayezetsa akadzakula" likutaya zaka zimene sizidzabwereranso.

Zizindikiro zake sizisowa kwa munthu watcheru: mwana amene amayandikitsa buku kumaso, amafinya maso poyang'ana kutali, amapendeketsa mutu, amatseka diso limodzi padzuwa, kapena amapunthwa kukangoyamba kuda. Aphunzitsi, pamodzi ndi alezi a m'sukulu za mkombaphala, ndiwo amakhala oyamba kuziona, ndipo tikuwapempha kuti aziuza makolo m'malo mongomusamutsira mwanayo kutsogolo kwa kalasi. Pali chizindikiro china chimene sichiyenera kudikira ngakhale sabata imodzi: kuyera pakati pa diso, pamene payenera kukhala pakuda. Kumeneku kukhoza kukhala ng'ala, imene ana ena amabadwa nayo, kapena khansa ya m'diso, imene imagwira ana aang'ono ndipo imapha ikachedwetsedwa. Ana achialubino nawonso ayenera kuyezedwa maso asanayambe sukulu, popeza pafupifupi onse amakhala ndi vuto la kuona.

Kuyeza kwenikweniko sikupweteka. Mwana amaima pa mtunda wa mamita 6 kuchokera pa chipepala cha zilembo, diso limodzi litaphimbidwa. Wosadziwa kuwerenga amasonyezedwa chilembo cha E chotembenuzidwa mosiyanasiyana, iye n'kumaloza ndi zala kumene miyendo yake yayang'ana; ana ambiri amakutenga ngati masewera. Akalemba 6/6 m'buku la kuchipatala, ndiye kuti diso likuona bwino. Akalemba 6/12, ndiye kuti mwanayo akuona pa mamita 6 chimene diso labwino limaona pa mamita 12, ndipo afunika kuyezedwanso mozama. Nthawi zambiri amamudonthezera mankhwala otanula kamwana ka m'diso kuti apeze mphamvu yeniyeni ya magalasi. Mwana amaona mwachimbuuzi ndi kuthawa kuwala kwa maola angapo kapena masiku ochepa, kenaka zimatha. Makolo asadzidzimuke nazo.

Poyambira ndi pafupi. Fotokozani nkhawa yanu kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kusikelo, ndipo adzakutumizani kuchipatala cha boma kumene kuli ogwira ntchito za maso. Zovuta kwambiri zimatumizidwa kuzipatala zazikulu monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi ku Kamuzu Central mu Lilongwe. Kuchipatala cha boma kuonana ndi dokotala n'kwaulere, koma konzekerani kuti magalasiwo angafune ndalama. Funsani mtengo wake musanachoke.

Tinene mosabisa za mphekesera yoti magalasi amawononga maso a mwana. Si zoona. Mwana akavula magalasi n'kunena kuti sakuona, ndi chifukwa chakuti tsopano wadziwa kusiyana kwa kuona bwino ndi kuona mwachimbuuzi. Mphamvu ya magalasi imasinthadi mwana akamakula, popeza diso nalo likukula, n'chifukwa chake ayenera kuyezedwanso chaka ndi chaka. Zimene zimawononga maso ndi zina: kudontheza mkodzo, madzi a masamba kapena mankhwala ogula popanda uphungu wa achipatala. Ena mwa mankhwala amenewa amaletsadi kuyabwa, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuchititsa khungu. Magalasi a pamsika kapena obwereka kwa agogo nawonso sathandiza mwana, chifukwa sanayezedwe pa maso ake.

Magalasi akabwera kunyumba, ntchito imatsala kwa akuluakulu. Mwana akasekedwa kusukulu amawabisa m'thumba, kholo n'kumaganiza kuti akuvala. Aphunzitsi aletse kunyozako poyera, ndipo makolo amange kachingwe kumbuyo kuti magalasi asagwe posewera, aziwatsuka ndi madzi oyera ndi kupukuta ndi kansalu kofewa.

M'chaka cha 2022, bungwe la World Health Organization lidavomereza kuti dziko la Malawi lathana ndi matenda a maso a trachoma, ndipo mbali ina ya ntchitoyo idachitikira m'midzi momwemu, pophunzitsana kusambitsa ana kumaso ndi kukumba zimbudzi. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi angathe kuika kuyeza maso a ana pa mndandanda wa zokambirana zawo, n'kupereka pempho kwa khansala wa wodi yawo kuti lifike ku ofesi ya zaumoyo. Tsiku loganizira za maso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Okutobala, sukulu zitangotsegulira chaka chatsopano, ndipo ndi nthawi yabwino yoti ana a Sitandade 1 ayezedwe.