Nthenda Ikakana Kuchira, Ntchito Yathu Siitha

Pa ntchito yanga ya unamwino wosamalira anthu amene matenda awo sangachirenso, ndimamva kawirikawiri achibale akunena kuti "kuchipatala atibweza, palibenso chochita". Ndipo mawu amenewa sindiwavomera, pakuti khansa ya m'mapapo ikafalikira ku mafupa, ku chiwindi kapena ku ubongo, chimene chalephereka ndi kuichotsa yonse, koma ululu, befu ndi mantha tikhoza kulimbana nazo kufikira tsiku lomaliza.

Odwala khansayi ambiri amafika kwa ife atamwa kale mankhwala a TB kwa miyezi 6 osaona kusintha, popeza kutsokomola magazi ndi kuwonda zimaoneka pa matenda onse awiriwa. Koma khansa sipatsirana, choncho musam'patulire wodwala mbale yakeyake, kapena kuletsa adzukulu kulowa m'nyumba mwake. Fodya ndiye gwero lalikulu, fumbi la m'migodi ya ku Joni lidavulazanso madoda ambiri, komabe ena amadwala asanasutepo. Ndipo kum'dzudzula munthu lero chifukwa cha ndudu za pa unyamata wake ndi nkhanza chabe.

Za mofini ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa mabanja ambiri amauopa, namati ndi mankhwala ofupikitsa moyo. Mofini wamadzi, akaperekedwa pa mlingo umene dokotala walamula, maola 4 alionse osadikira kuti ululu uyambe wabwerera, safulumizitsa imfa; amachepetsa ululu, amachepetsanso befu, kotero kuti munthu amene adatha sabata akugona chokhala amapeza tulo. Vuto lake ndi kudzimbidwa, ndipo n'chifukwa chake timaperekera pamodzi mankhwala ofewetsa m'mimba. Madzi akadzaza mozungulira phapo timawakoka ndi singano, munthu napumanso bwino. Thandizo lotere lilipo ku Tiyanjane pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zambiri za maboma.

Chimene chimandivuta koposa ndi pempho la atsibweni kapena la mwana woyamba, amene amandikokera pambali nanena chonong'ona kuti, "Amayi, chonde musawauze bambowa, angataye mtima." Pempholi limachokera m'chikondi, ndipo sindilinyoza, komatu munthu amene thupi lake likumuuza usiku ndi usana kuti mphamvu zikutha, pamene onse om'zinga akumwetulira ndi kumulonjeza kuti adzalima chaka chamawa, amasanduka mlendo pakati pa ana ake, wosowa woti am'funse za munda, za ngongole, za mbale amene adayambana naye kalekale, kapena za kuitana abusa. Ife sitikakamiza munthu kumva chimene sakufuna. Timayamba tam'funsa chimene iye akudziwa ndi chimene afuna kudziwa, ndipo poti kuona maso a nkhono n'kudekha, timam'lola atsogole yekha. Nthawi zambiri amayankha kuti adazindikira kale, koma amabisa poopa kuliza ana.

Inu amene mukudwazika matenda otere, musam'umirize nsima pamene kukhosi kwakana, pakuti phala pang'ono ndi madzi onyowetsa milomo zimakwana. Gawanani masiku ogona pambali pake, kuti mtolo usagwere mayi mmodzi yekha, ndipo mankhwala akatsala pang'ono kutha, tumizani munthu kuchipatala botolo lisanaume.