Cimene X-ray Icita M'madzi a M'thupi

Anchito a m'migodi aidziwa bwino X-ray, pakuti amajambulidwa m'cifuwa kuti madotolo aone ngati pfumbi la miyala lalowa m'mapapu. Koma kuunika komweko, mphamvu yace ikacuruka, kumaciza nthenda ya kansa. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cimene ciri pambali pa U.T.H. kufupi ndi Kabwata, cinatsegulidwa m'caka ca 2007 cifukwa ca nchito imeneyi. Kale odwala anali kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa.

Nanga kuunika kosaoneka kungaphe bwanji cotupa? Gawo lalikuru la thupi la munthu ndi madzi, ndipo X-ray ikalowa imaswa madziwo m'tizidutswa taukali ndithu. Timeneti timaononga DNA, ulusi umene ulamulira kukula kwa mnofu, motero cotupa cimaleka kukula.

Cobvuta cinali cakuti tizidutswato timatha msanga koposa. Pa ito, kuphethira kwa diso n'kocedwa ngati ulendo wa birimankhwe. Cotero akatswiri anakonza makina oponya mphamvu mong'anima, monga ciphaliwali cionetsa mitengo usiku wa mdima. Kung'anima kumodzi sikufika ngakhale gawo limodzi la magawo 100,000 a sekondi. Nthawi yomweyo amawalitsa nyali m'madzimo ndi kujambula m'mene kuwala kwasinthira. M'caka ca 1962 Edwin Hart ndi Jack Boag, pa cipatala ca Mount Vernon kufupi ndi London, anaponya motero tinthu tochedwa electron, ndipo anaona cizindikiro ca electron yogwidwa yokha pakati pa madzi. Ambiri anali kuiganizira, koma umboni wooneka unabwera pamenepo.

L. H. Gray ndi anzace anaonetsa m'caka ca 1953 kuti cotupa cosowa mpweya wa oxygen sicigonja msanga. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene madotolo amagawira kuunikako pang'ono pang'ono, Lolemba kufikira Lacisanu, kwa masabata angapo: pakati pa masikuwo mnofu wabwino umapola, ndipo mpweya umafika m'kati mwa cotupa. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wocokera ku Chelstone umatopetsa ndi kudya ndalama, komabe wodwala woleka pakati cifukwa ululu wacepa amasiya mizu ya nthenda iri moyo.

Ena amaopa kuti wounikidwa ndi makina otere amatenga "moto" kunka nawo kwao. Sizoona ai. Makina akazima kuunikako kwatha, ndipo agogo angathe kunyamula mdzukulu wao madzulo omwewo.